Bokosi Langa Ulidetse Theka

Pa Madisi,
Lachinayi masana.

Tadala mwana wanga, Profesa wa kwathu,

Ndakupatsa moni, ngakhale kuti m'mawa uno tamwera limodzi tiyi. Usadabwe kuti bambo ako alemba kalata, nanenso ndadabwa. Cholembera ndabwereka kwa a Saidi a golosale, mapepala ndathothola pakati pa kope la mng'ono wako Neliya, ndiye ukamva akudandaula kuti kope lake laonda, iwe ukhale chete. Ndakhala pano pakhonde la a Saidi pomwe ndimakonzera njinga, koma makasitomala onse ndawauza kuti lero makaniko watsegula m'mimba. Wina wabwera ndi njinga yoduka tcheni, ndamuuza kuti aikankhe mpaka ku Chisepo, n'kolimbitsa thupi.

Mawa tikuperekeza kubwalo la ndege ku Lumbadzi. Ine ndikudzidziwa. Tikakafika kumeneko amayi ako akayamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, Neliya akakukakamira pamkono, ine ndikayamba zanga zija, kufunsa alonda ngati ndege imaphwa matayala kuti andilembe ntchito. Mukaseka, iwe ukalowa, zofunika zonse zikatsala pakhosi panga. N'chifukwa chake ndati ndilembe. Uwerenge ndege ikanyamuka, kuti ukakwiya usakhale ndi potsikira. M'kati mwa kalatayi muli kapepala kena kopinda kanayi. Usakatsegule mpaka nditakuuza. Ndikukudziwa iwe, mtima wako ndi wa amayi ako, sudikira kuti mbatata ipse. Usakatsegule, wamva?

Zilembo zanga n'zokhota ngati sipoko za njinga yogundidwa ndi ngolo. Uziwerenga mwachifundo.

Poyamba ndinene za sukulu, poti ine ndiye katswiri wa kuithawa. Ndili Sitandade sikisi kwathu ku Ntchisi, aphunzitsi anandiimiritsa n'kundifunsa kuti theka kuphatikiza kota zimapanga chiyani. Ine mutu uli mbee, osadziwa. M'malo monena kuti sindikudziwa ndinati, "Aphunzitsi, kwathu sitidya theka, timamaliza." Kalasi yonse inagwa nako kuseka, aphunzitsi nawonso anatembenukira kubolodi kubisa mano. Tsiku limenelo ndinapeza njira yothawira funso lililonse. Masamu akavuta, nthabwala. Chingerezi chikavuta, nthabwala. Pofika mayeso ndinapeza kuti pepala siliseka. Ndinasiya sukulu ndikuuza anthu kuti aphunzitsi atha nzeru zondiphunzitsa. Ndiye iwe kumene ukupitako, ukakumana ndi anthu olankhula Chingerezi cha m'mphuno, ukapanda kumva ukweze mkono. Unene kuti bwerezani. Akabwereza osamvabe, unenenso. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri, mpaka pano likundimata m'mano. Wamva, Tadala?

Zovala. Usaseke, n'zofunika. Nthawi imene ndinkafunsira amayi ako ndinali ndi shati imodzi yoyera, yopyapyala ngati khoko la anyezi. Mwezi wa Juni, mphepo ya kumapiri kwathu ija yolowa m'mafupa, ine ndinapalasa njinga kuchokera ku Ntchisi mpaka kwa Dzoole ndi shati yokhayo, juzi nditaisiya dala poti inali yong'ambika pachigongono. Ndinafika mano akuombana. Mawu onse okoma amene ndinakonza m'njira anatuluka ngati mbuzi ikutsokomola. Amayi ako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Mwabwera kudzafunsira kapena kudzamwalira?" Anandifunditsa chitenje chawo, ndinafunsira ndili m'chitenje ngati ntchembere. Ndiye jekete lalikulu limene takugulira pakaunjika lija, ndikudziwa ukuti ndi lonyansa, ukuti ukuoneka ngati thumba la makala. Uzivala. Kumeneko akuti madzi amauma pamsewu. Kukongola kudzabwera kukatentha.

Tsopano za ntchito yako. Anthu akandifunsa pano kuti mwana wanu akukaphunzira chiyani, ndimati masamu a magazi. A Saidi amati palibe maphunziro oterowo. Ndimawauza kuti alipo: mwana wanga amatenga mabanja ambirimbiri, n'kuwerenga kuti ndani anatengera chiyani kwa ndani, kutalika, mpata wa mano, dazi, matenda, kenako n'kuika zonsezo m'kompyuta kuti aone njira imene zinthuzo zimayendera kuchokera kwa makolo kupita kwa ana. A Saidi amati dazi lawo analitengera kwa mavuto. Koma ine ndikufuna ndikuuze za fodya. Chaka chimene unabadwa ndinalima fodya koyamba pamunda wa kwa amayi ako. Mvula inandilowera m'chigafa, masamba ena anachita nkhungu. Posankha ndinati, ah, ndani angaone? Abwino ndinaika pansi ndi pamwamba, oola ndinawabisa pakati pa belo, n'kudinda ndi jeke bwinobwino. Belo linaoneka ngati mkwati. Ku okushoni munthu anangolowetsa mkono pakati penipeni n'kusolola zoolazo. Belo linabwerera, ndipo nkhungu ija inali itagwira kale ndi masamba abwino omwe. Ndiye iwe ukamawerenga mabanja akowo, ukapeza nambala yonyansa imene ikukuonongera zimene umafuna kupeza, usaibise pakati. Uike pamwamba, aliyense aione. Chobisa pakati sichikhala chokha, chimaoletsa zinzake. Wamva?

Ndalemba zimenezi ngati munthu amene anaphunzirapo. Sindinaphunzire. Pali belo lina limene ndakhala ndikulisunga zaka khumi ndi zisanu. Khala bwino pampando, manga lamba wa ndegeyo.

Ukukumbuka chaka chatha utabwera patchuthi ndi chipepala chachikulu chija? Unachiyala pamphasa n'kutsamiritsa miyala m'makona. Unati ukujambula banja lathu mmene amajambulira kuntchito kwanu: amuna mabokosi, akazi zozungulira ngati mazira, mizere yolumikiza ana kwa makolo. Wodwala sikoselo, matenda a Neliya aja, mumamudetsa yense ndi pensulo. Amene sadwala koma ali ndi mbewu ya matendawo m'magazi mumamudetsa theka. Amayi ako anakuuza mtundu wawo wonse, mpaka agogo a agogo, chipepala chinadzaza mbali imodzi ngati mtengo wa mango wobereka. Dzira lawo unalidetsa theka iwo akuona. Dzira lako unalidetsanso theka wekha, unati unakayezetsa. Kenako unatembenukira kwa ine. "Ababa, nanga kwanu?" Ndinati, "Ine ndine tambala, ndinangotera kuchokera kuphiri, tambala alibe m'bale." Munaseka. Mawa lake unafunsanso, ndinati abale anga onse anafa ndi ukalamba ali m'mimba. Ulendo wachitatu sunaseke. Unati, "Ababa, Neliya akamalira ndi ululu wa m'mafupa simuseka. Bwanji ndikafunsa ine mukuseka?" Unapinda chipepala chako, bokosi langa lili loyera, lili lokhalokha, lopanda mzere wopita kumwamba.

Usanapinde unachita zina zimene sindidzaiwala. Unatenga makapu awiri, m'kapu iliyonse unaikamo nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira. Unati kapu iyi ndi mayi, iyi ndi bambo. Unauza Neliya kuti atsinzine, atole nyemba imodzi uku, imodzi uku. Zoyera ziwiri, mwana alibe kanthu. Yoyera ndi yofiira, mwana sadwala koma wanyamula. Zofiira ziwiri, ndiye sikoselo. Unati mimba iliyonse ndi kutola kwatsopano, nyemba sizikumbukira zimene zinatuluka dzulo. Kenako unandiyang'ana m'maso n'kunena pang'onopang'ono ngati ukuuza mwana, "Kapu imodzi payokha singatulutse zofiira ziwiri, ababa." Ine ndinati mukamaliza masewerawo nyembazo muphike. Koma ndinadziwa kuti ukudziwa. Ndipo iwe unadziwa kuti ndadziwa. Kuyambira tsiku limenelo umandipatsa ulemu wonse, madzi osamba, moni wogwada, koma sunandiitanenso kuti a Makaniko monga unkachitira pondinyogodola. Ulemu wakowo wandipweteka kuposa chikwapu.

Ndikuuze mmene zinayambira, poti iwe unali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha. Neliya ali ndi miyezi ngati isanu ndi itatu anatupa manja ndi mapazi, tizala tili ngati tinthochi, kulira kosatonthozeka. Ukudziwa kwathu kuno, mwana akatupa choncho amati wasemphedwa, ndiye kuti bambo wake wayenda ndi mkazi wina kunja. Nthawi imeneyo ndinkapalasa kabaza, tsiku lonse azimayi pakaliyala, nthabwala zili pakamwa. Ndani akanandikhulupirira? Malume ako a Bisiyele anandiitanira pansi pa mtengo wa mango uja wa kuseri kwa khola, mbumba yonse itakhala. Anati, "Alamu, mwanayu akutha. Tangonenani kuti mwayenda ndi ndani, tipeze mankhwala." Ndinalumbira kuti sindinayende ndi munthu, ndipo Mulungu akundiona, sindinayende. Anati, "Chabwino. Koma mwanayu akapita, inunso munyamule njinga yanu."

Tinapita naye kuchipatala, anamugoneka, anamuika magazi. Patapita masiku adokotala anandiitanira mu ofesi ndekha, amayi ako ali kuwodi ndi mwana. Anandifotokozera bwinobwino, m'Chichewa chomveka, sindingawanamizire. Anati si tsempho, si ufiti, ndi matenda a m'magazi otengera kumtundu. Anati mwana amadwala pokhapokha akatengera konsekonse, kwa mayi ndi kwa bambo. Anabwereza kawiri: "Nonse awiri, bambo. Palibe wolakwa, koma nonse awiri." Kuchokera pakhomo la ofesiyo kukafika kuwodi si patali, mwina ngati kuchokera pakhonde pathu kukafika pamjigo. Pakamtunda kameneko ndinataya theka la uthenga.

Titabwerera kumudzi anthu anasonkhana pansi pa mango pomwe paja. Ine ndinaimirira ngati khansala. Ndinati, "Adokotala ati si tsempho, ndi zakumtundu. Tsopano ndifunse, alamu. Ana awa ndi a mtundu wa ndani? Si inu mumandikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti mkamwini ndi tambala chabe, anapiye ndi a nkhuku? Pogawa minda ana ndi anu, pa chinkhoswe ana ndi anu, ndiye pa matenda akhale anga?" Anthu anaseka, Tadala. Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Bisiyele anangoti kukamwa yasa. Ndinapambana mlandu ndi nthabwala imodzi, monga ndinapambanira aphunzitsi aja. Sindinayang'ane kumene anakhala amayi ako.

Zotsatira zake waziona ndi maso ako, ungoti sunkadziwa kuti mwini wake ndine. Pamjigo anayamba kunena kuti kwa Nachisale, kubanja la amayi ako, kuli magazi oipa. Amayi ako anasiya kupita kumadzi nthawi imene kuli anthu ambiri. Anati kubereka basi, asaonjezere tsoka. Mwana wa amayi ako aang'ono uja, ankhoswe anabwera kamodzi osabweranso, akwawo kwa mnyamata atamva mbiri ya magazi. Ine zonsezi ndikuziona, ndikumanyamula Neliya pakaliyala kupita naye kuchipatala, ndikumamuseketsa kuti aiwale ululu, anthu n'kumati koma Gelesomu ndi bambo wabwino, wapirira banja lodwala. Ndinkavomera ndi mutu. Belo linkaoneka ngati mkwati.

Ufunsa kuti chifukwa chiyani. Sindikudziikira kumbuyo, koma uyenera kudziwa, poti zimenezi ndi zimene unkafuna pachipepala chako. Ndinali ndi mlongo wanga, dzina lake Rozina. Azakhali ako. Sunamvepo dzina limeneli chifukwa sindinalitchulepo chichokereni ku Ntchisi. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zinayi. Maso ake anali achikasu, zala zinkatupa, ankalira kuti miyendo ikumuluma. Ndinkamubereka kumbuyo popita kukatola masuku kuphiri, anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ankakonda kundikoka makutu ngati akuwongolera ng'ombe, kumanja, kumanzere. Kumudzi anati ndi tsempho. Bambo anga, agogo ako amene sunawaonepo, anawaika pabwalo. Anakana, analumbira, koma Rozina atamwalira akuchikazi anawalongedzetsa. Ndinawaona akutsika phiri ndi kathumba ndi khasu paphewa. Sanabwerenso, ndipo tinamva patapita zaka kuti anamwalira kutali kumaesiteti. Ndinali ndi zaka khumi. Ndikaganiza bwino, nthabwala zanga zinayamba chaka chimenecho.

Ndiye tsiku limene a Bisiyele anati munyamule njinga yanu, ine ndinaona bambo anga akutsika phiri. Ndipo adokotala atati nonse awiri, ine ndinaona zala za Rozina. Ndinachita mantha, mwana wanga. Ndinaopa kuti ndikanena kuti kwathunso kunali wotere, anena kuti ndinabisa dala pofunsira, kuti ndabweretsa imfa m'mudzi mwa eni. Ndinasankha kuti katunduyo asenze amayi ako, poti iwo sakanathamangitsidwa kwawo. Ndimo mmene ndinadzinamizira. Ukadzaona munthu akuseka kwambiri pamene ukumufunsa za abale ake, usamukwiyire msanga, komanso usamusiye. Pali manda pamenepo. Ufunsenso mawa lake, monga unachitira ndi ine. Wamva, Tadala?

Mwezi watha, iwe uli ku Lilongwe kuthamangira mapepala a ulendo, ndinakuuzani kuti ndikukagula masipeyala. Ndinanama, limenelo ndiye bodza langa lomaliza m'banja mwathu, ulilembe. Ndinabwereka njinga yamoto n'kukwera kwathu kukaona amayi anga, agogo ako, poti akadali moyo. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Ndinati, "Amayi, ndiuzeni za Rozina." Anasiya kusenda. Anati, "Lero wakumbuka kuti unali ndi mlongo?" Kenako anati, "Anali Rozina yekha ngati? Iwe usanabadwe panali mnyamata, Simiyoni. Anatupa chimodzimodzi. Sanafike poyenda." Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndinali ndi mkulu wanga. Ndinawafotokozera za makapu ako, ndi nandolo yemweyo, wina wosenda wina wosasenda. Ndinawauza kuti ine si dokotala, ndipo akufa sitingawayeze, koma zikufanana kwambiri ndi za Neliya. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye kuti bambo ako aja ankanena zoona?" Tinasenda nandolo yense mpaka anatha.

Pochokera kumeneko ndinapita kuchipatala chachikulu kukayezetsa. Ine amene ndimakoka minga ya matayala ndi mano, nditaona jakisoni ndinauza namwino kuti adikire kaye ndipemphere. Anati, "Bambo, ana a miyezi itatu amabayidwa pompano osapemphera." Tsopano tsegula kapepala kaja. Zilembo zakezo iwe ukuzidziwa kuposa ine. Anandiuza kuti tanthauzo lake ndi yoyera imodzi, yofiira imodzi. Kapu yachiwiri ija ndine.

Amayi ako ndinawauza Lolemba, tikutong'ola chimanga kuseri kwa nyumba. Ndinakonzekera kuti alira, kapena andigenda ndi chitsononkho. Ndinayamba ndi mawu ambiri, iwo manja osaima. Nditamaliza anati, "Mwatha?" Ndinati ndatha. Anati, "Bambo a Tadala, amene amapita ndi Neliya kukiliniki mwezi ndi mwezi ndani? Mumaganiza kuti kumeneko timakaimba kwaya? Anamwino anandiuza mwanayo asanakwane zaka ziwiri." Chitsononkho chinandigwa m'manja. Ndinati nanga bwanji simunanene zaka zonsezi, anthu akukunenani pamjigo? Anati, "Ndikananena ine akanati mkazi akudziyeretsa. Akanakhulupirira, achimwene akanakupirikitsani, osati chifukwa cha magazi koma chifukwa cha bodza. Ine ndinafuna ana anga akule ndi bambo, ngakhale wabodza. Ndinkangodikira tsiku limene mudzatope nalo nokha. Koma mwachedwa, inu. Ndinkayesa zaka ziwiri zikukwanani."

Tadala, ndakhala ndikudzitcha wochenjera wa pa Madisi. Munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi wandisungira manyazi anga zaka zonsezi, akundiphikira, akuseka nthabwala zanga zina zosaseketsa n'komwe. Ndinagwada pachimanga pomwepo, ndipo ukudziwa mmene chimanga chimabayira m'maondo. Anati, "Dzukani, mukuononga chakudya. Kwa ine mwapepesa, ndamva. Koma bodzalo simunanenere kuseri kwa nyumba. Munanenera pansi pa mango, anthu akuseka. Mukalichotse komweko."

Ndiye ndapita kale kwa malume ako. Ndawapempha kuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi aitane mbumba yonse, ndi amayi ako aang'ono, ndi mwana wawo uja. Anandifunsa kuti, "Alamu, mwayambanso sewero lanji?" Ndinati ili lokha ndi lopanda kuseka. Anandiyang'ana ngati ndadwala. Sindikudziwa kuti zikatha bwanji. Mwina akandilipiritsa mbuzi, mwina akandiuza za njinga ija kachiwiri, ndipo akatero sindingawadandaule. Ndikuopa, sindikubisire. Iwe ukakhala utafika kudziko la eni, ukuyang'ana anthu osawadziwa, mtima ukugunda. Ine ndikakhala nditaima pamaso pa anthu owadziwa, mtima ukugunda chimodzimodzi. Tikalimbe tonse.

Neliya ndamuuza dzulo. Ukudziwa zimene ananena? Anati, "Ndiye kuti ine ndine wanu zenizeni, ababa, simungandikanenso." Mwana ameneyu pakamwa anatengera ine, zimenezo uzilembenso pachipepala. Usade naye nkhawa. Mankhwala ake ndiziwatsata, madzi azimwa ambiri, Juni akafika azivala juzi ziwiri ngakhale anyinyirike, ndipo neti yake ndaisoka pomwe inabooka. Uzimuimbira foni Loweruka. Amanamizira kuti sakusowa, koma diresi lako lobiriwira lija walibisa pansi pa pilo.

Tsopano malangizo enieni, ochokera kwa munthu amene anawagula modula. Iwe uli ndi nyemba yofiira imodzi. Si tsoka, si chilema, sindikufuna udzione ngati wochepa. Koma tsiku lina kudzabwera mnyamata, kaya wa kumeneko, kaya wa konkuno wovala shati yopyapyala. Umuuze msanga, ankhoswe asanayambe kuyenda. Mupite limodzi kukayezetsa, mumve limodzi, musankhe limodzi mukudziwa. Akayamba nthabwala pankhani imeneyi umutumize kwa ine, ndimuuze kumene njira imeneyo imathera.

Ndipo ukadzakhala munthu wamkulu, wovala gauni yoyera, wolemba mabuku, ukumbukire kakhonde kaja ka pakati pa ofesi ndi wodi. Adokotala aja sanalakwe, ananena zonse. Koma anauza munthu mmodzi, wamantha. Iwe ukadzakhala ndi uthenga wa banja, uitane onse awiri, akhale pabenchi imodzi, amve ndi makutu anayi. Ngati kuli malume, aitanidwenso. Usadzatume mwamuna yekha kuti akanene kumudzi, kapena mkazi yekha. Uthenga umatayika panjira, ine ndine mboni. Ndipo kwathu kuno ukafunsa munthu za mtundu wake akuuza za kuchikazi zokha, poti ndiko timawerengera. Kwina amawerengera kuchimuna kokha. Iwe uziwerenga konsekonse. Mwambo umasankha mbali, koma magazi sasankha. Wamva, Tadala? Konsekonse.

Chinanso. M'kompyuta yakoyo mudzakhala mazira ndi mabokosi ambiri, osawerengeka, ndipo udzatopa nawo, adzayamba kuoneka ngati nyemba basi. Ukadzafika pamenepo uzipuma pang'ono. Ukumbukire kuti dzira lina lodetsedwa linkakoka mchimwene wake makutu popita kumasuku.

A Saidi akufuna cholembera chawo, ati ndamaliza inki ya mwezi wathunthu, ndipo munthu wa tcheni uja wabwereranso, sanafike ku Chisepo. Ndimalize ndi pempho. Ndinaona kuti chipepala chija wachiika pansi m'sutikesi, pansi pa zovala. Ukafika, ukapuma, uchiyale. Bokosi langa ulidetse theka. Ukoke mzere wopita kumwamba. Pamenepo ujambule dzira la agogo ako, ndi bokosi la bambo anga, ulembe dzina lawo, anali a Yosefe. Pambali panga ujambule bokosi laling'ono la Simiyoni ndi dzira la Rozina. Kadetsedwe kake iwe ndiye ukudziwa malamulo a kuntchito kwanu, koma maina okha asasowe. Ukatero uchijambule ndi foni, utumize pafoni ya a Saidi lisanafike Lamulungu masana. Ndikufuna ndikachionetse pansi pa mango, anthu aone kuti tambala nayenso ali ndi kwawo. Makapu awiri ndatenga kale. Nyemba zija amayi ako anaphikadi, koma ndagula zina.

Ukatumiza chithunzicho, ngati mtima wako walola, ulembe pansi pake kuti "a Makaniko". Ndikadziwa kuti mwana wanga wabwerera, ngakhale ali kutali.

Pita bwino, mayi wanga. Mulungu amene anasunga chitsiru ngati ine mpaka kubereka Profesa sangalephere kusunga iwe.

Ndine bambo ako,
Gelesomu,
mwana wa a Yosefe, mlongo wake wa Rozina.

Jekete lija uvale potsika ndege, osati kulinyamula pamkono.